Chimanga Chosauma cha Malume Potiphar

Fyness analigwira bodzalo Loweruka m'mawa, akumata zithunzi pakhoma.

Kumalo osungirako agalu osowa mwini, kuseri kwa mpanda wa bwalo la ndege la Chileka, kuli lamulo loti munthu akatenga galu azitumiza chithunzi chake pafoni mwezi uliwonse. Anthu a m'deralo malowo amangowatchula kuti "kwa agalu," ndipo achinyamata amene amagwirako ntchito mongodzipereka amawatchula kuti "aja a agalu aja," milomo itapotozedwa. Fyness anali mmodzi wa aja a agalu aja. Mkati mwa sabata ankaphunzitsa masamu kusekondale, Loweruka ankazula nkhupakupa m'makutu mwa agalu amene eni ake anatopa nawo.

Tsikulo anasindikiza zithunzi za agalu amene anapeza pokhala, kuti alendo akabwera aziona kuti ntchito ikuyenda. Za Chiphaso anazisunga kumapeto, monga mmene munthu amasungira nthuli ya nyama m'mphepete mwa mbale. Chiphaso anali galu wake wapamtima, wamkazi, wofiirira, wa chipsera chozungulira khosi lonse. Fyness anamutola yekha mu Disembala, atagona m'ngalande pafupi ndi mpanda wa bwalo la ndege, waya atalowa m'mnofu. Galuyo anachira, koma phokoso ankaliopa koopsa. Ndege ikamanyamuka ankathamangira kwa Fyness n'kulowetsa mutu pakati pa mawondo ake, mpaka kumwamba kutakhala zii.

Kumapeto kwa Febuluwale galuyo anatengedwa ndi malume ake a Fyness, a Potiphar Makwinja, mkulu wa mpingo, munthu amene anapuma ntchito pabwalo la ndege pomwepo atatha zaka makumi atatu akufufuza m'zikwama za apaulendo. Zithunzi sanaphonyepo ngakhale mwezi umodzi. Zinalipo zisanu ndi zitatu, kuyambira Malichi mpaka Okutobala. Pafoni zinkabwera chimodzichimodzi, Fyness n'kungoika kamtima, n'kutumiza kugulu la anzake. Lero zinali pamzere umodzi, ndipo diso lake linakana kuchokapo.

"Godwin, tabwera."

Godwin ndi amene ankabaya agalu jakisoni ndi kusoka mabala, poti anaphunzira za ziweto. Anatulukira atanyamula ndowa.

"Ngati ndi njoka, ine ndatanganidwa."

"Taona apa. Ukuona chiyani?"

"Ndikuona malume ako ndi galu wako. Ndikuonanso kuti malume ako ali ndi malaya ambiri kuposa ine."

Zinali zoona. M'chithunzi chilichonse a Potiphar anavala zosiyana: jekete yakutchalitchi, malaya amizeremizere, juzi yokhuthala ya mu Juni, mpaka chovala chonyezimira chija anachoka nacho kuntchito.

"Asiye malayawo. Ona kumbuyo kwawo."

Godwin anaika ndowa pansi. Kuseri kwa a Potiphar, kupitirira mpanda, chimanga chinali biriwiri, ngayaye zili njo. M'chithunzi cha Malichi chinali chotero. Cha Juni chimodzimodzi. Cha Okutobala, mwezi umene mbuzi zimafika podya makatoni pamsika, chimodzimodzinso.

"Eee! Munthu wa Mulungu ndithu. Ife tikupsa kuno, kwawo mvula ikungogwa."

"Bakha uyu," Fyness analoza. "Miyezi isanu ndi itatu ali pambali pa beseni lomwelo. Ndiye taona pamimba pa Chiphaso. Unamumeta liti pomuchita opaleshoni yotseka ija?"

"Febuluwale."

"Ubweya mpaka lero sunamere."

Godwin anasiya kuseka. "Anajambula zonse tsiku limodzi."

"Masana amodzi. Kumangolowa m'nyumba, kusintha malaya, kutuluka, kumwetulira."

"Ndiye galuyo ali kuti?" Anamuyang'ana cham'mbali. "Fomu yoyendera pakhomo unalemba ndiwe, eti?"

"Ndine."

"Unayendera?"

Lamulo lake n'losavuta: galu asanachoke, mmodzi wa iwo apite kukaona pakhomo ndi maso ake, afunse mafunso khumi ndi awiri, mwini wake asaine. Koma amene analemba lamulo limenelo analibe malume. Umayamba bwanji kufunsa mchimwene wa mayi ako kuti, "Kodi galuyu muzimumenya?" Tsiku limenelo Fyness anakhala pamkeka m'chipinda chochezera, kapu ya thobwa kudzanja lina, cholembera kudzanja lina, n'kuchonga mabokosi onse khumi ndi awiri. Khola la galu analionera pawindo. Chichokereni apo anapitako katatu kukakamba za chinkhoswe chake cha mu Disembala, poti a Potiphar ndiwo anali nkhoswe yake. Katatu konseko anafunsa za galu, katatu konseko anauzidwa kuti, "Wagona kuseriko, usamudzutse." Ndipo mwana woleredwa bwino sazungulira kuseri kwa nyumba ya malume ake ngati wapolisi.

"Ulemu wako watidyera galu," anatero Godwin, n'kunyamula ndowa yake.

Fyness anatenga fomu yatsopano, khadi la katemera la Chiphaso ndi chingwe, n'kuponya m'chikwama.

Kwa a Potiphar ndi ulendo waufupi pa kabaza. Sanaodire. Anadutsa pakhonde, n'kuzungulira kuseri. Khola linalipo, lanjerwa, lofolera bwino, loposa zipinda zina zimene anthu amachita lendi ku Ndirande. M'kati mwake munali matumba a makala ndi bakha yemwe uja, atafungatira mazira. Munda unali mbee, ngakhale phesi limodzi.

Anti Miriam, akazi awo a malume, anatuluka m'khitchini akupukuta manja pachitenje.

"Iii, Fyness, mpaka kuseri? Kwagwanji?"

"Anti, galu ali kuti?"

"Ukunena Bomba?"

"Chiphaso."

"Dzina limenelo malume ako analikana, akuti siloopsa. Ali ku Lirangwe, kumbuzi za malume ako. Pano anangogona masiku awiri."

"Ndiye munkandiuza kuti wagona kuseri?"

"Ankatero ndi malume ako. Ine ndinkangobweretsa thobwa." Anti Miriam anayang'ana bakha, kenako Fyness. "Zithunzizo ndinajambula ndine, sindikana. Koma ndinawauza kuti aimirire kukhoma, chimangacho chidzawagwiritsa. Sandimvera. Apita komweko m'mawa, ukawapeza."

Minibasi yoyamba inamutsitsa pa Kameza. Yachiwiri, ya msewu wa Zalewa, inakaima pa Lunzu mpaka anthu anayamba kutukwana kondakitala, ndipo Fyness, amene sanatukwanepo munthu m'minibasi chibadwire, anathandizira. Njira yonse ankawerenga miyezi pazala, kubwereza ngati kuti yankho lisintha. Mkwiyo wake unalibe pokhala. Ukafika pa malume unkabwerera kwa iye mwini, ukafika pa iye mwini unkalumphira kwa anti ndi thobwa lawo.

Pa Lirangwe anafunsa njira kwa amayi ogulitsa masawu, anaoloka njanji, n'kutsata kanjira kafumbi pakati pa minga. Dzuwa la kumeneko silisewera. Atayenda ndithu anaona mlambe, khola la mbuzi lam'mwamba, ndi a Potiphar atakhala pampando pamthunzi, chipewa pamphumi. Pambali pawo panaima bambo wamtali wa ndevu zaimvi, ndodo m'manja. Ameneyo anali a Fikirini, woweta mbuzizo.

Mawondo a Fyness anapinda okha pamaso pa malume ake, ndipo zimenezo zinamukwiyitsa kuposa zonse.

"Mayi mphunzitsi!" anatero a Potiphar. "Mpaka kuno? Kunyumba n'kwabwino?"

"N'kwabwino, malume. Ndinadzera kwanu kukapempha mondokwa, poti m'zithunzi zanu chimanga sichiuma."

A Potiphar anakankhira chipewa kumbuyo. Manyazi sanaoneke ngakhale a mankhwala.

"Zithunzi ndi zanu, inu a mafomu. Munafuna zithunzi, ndinakupatsani zithunzi. Munthu wa msinkhu wanga azikwera minibasi mwezi ndi mwezi kudzajambulitsa ndi galu? Mpingo ungandione bwanji?"

"Ali kuti?"

"Ali pantchito."

Fyness anaponya maso pansi pa khola la mbuzi, kuseri kwa mlambe, pakhomo pa kanyumba ka a Fikirini. Galu sanamuone. Chimene anaona ndi kabokosi ka malata adzimbiri, kolekeza m'chiuno, kali padzuwa peni-peni, kopanda windo ngakhale kabowo, mwala waukulu uli pamwamba. Poyamba anayesa mosungiramo makasu. Kenako mphepo inatembenuka n'kumubweretsera fungo.

"Ayi," anatero.

"Musadandaule, mayi," anatero a Fikirini mokoma mtima, ngati namwino wotonthoza wodwazika matenda. "Ntchito imeneyi ndimaidziwa. Galu ameneyu anabwera kuno ali m'bale wa aliyense. Wogula mbuzi, iye mchira. Wopempha madzi, iye mchira. Akanabwera wakuba, akanamuperekeza mpaka kumsewu. Ndinati bwana, uyu si galu, ndi mlongo wa kwaya. Ndipatseni nthawi ndimukonze."

"Mumukonze."

"Eya. Galu kuti aluse asaone dzuwa, asaone munthu. Kudya kamodzi, madeya othira tsabola wa kambuzi, kuti mtima uzitentha. Ndiye m'mawa ndi madzulo, mankhwala ake enieni ndi awa."

Fyness asanamvetse, a Fikirini anakweza ndodo n'kumenya malatawo. Gwa! Gwa! Gwa! Mbuzi zinadzidzimuka m'khola. M'kabokosi muja munatuluka mawu amene sanali kuuwa, sanalinso kulira, ngati chitseko chadzimbiri chikukokedwa pakonkire.

Galu amene ankaopa ndege ili kutali kumwamba. Kawiri patsiku. Miyezi isanu ndi itatu.

Fyness anazindikira atagwira kale ndodoyo kunsonga. Anaikoka mpaka a Fikirini anaisiya modabwa, n'kuiponya kuminga. Kenako anatsegula chikwama, natulutsa fomu ndi cholembera. Mawu anatuluka osalala, aja ankawagwiritsa ntchito m'kalasi ana akafika pomukwana.

"Malume, mu Febuluwale ndinalemba bodza. Ndabwera kudzayendera pakhomo. Funso loyamba. Kodi galu ali ndi mthunzi?" Anaika dzanja padenga la malata, n'kulichotsa msanga. "Ayi. Funso lachiwiri. Kodi ali ndi madzi akumwa nthawi zonse?"

"Madzi ambiri amafewetsa mtima," anatero a Fikirini.

"Ayi. Zikomo, bambo. Funso lachitatu. Kodi amatuluka kukayenda?"

"Usiku ndimamangirira patcheni panja. Koma mwezi uno akukana kutuluka."

"Akukana. Funso lachinayi."

"Fyness!" A Potiphar anaimirira. "Wandiyesa mwana wa Fomu Wanu? Ukundiyendera ine? Pamaso pa wantchito wanga?"

"Inu munatsegula zikwama za anthu zaka makumi atatu, malume. Cha abusa omwe munatsegula, munkatisimbira nokha mukuseka. Munkati ulemu suona m'chikwama. Ine ndinaiwala phunziro lanulo, ndakumbukira lero. Funso lachinayi. Kodi pakhomo pali amene amamenya galu kapena kumuopseza? Apa sindifunsa, ndaona. Lakhumi ndi chiwiri ndingolumphirako, poti ndi limene munasaina pansi pake ndi siginecha yanu ija ya mchira wautali. Kodi mukulonjeza kuti simudzamupereka kwa munthu wina, kapena kumusamutsa, osatiuza?"

"Sindinapereke kwa munthu. Mbuzi ndi zanga, malo ndi anga, a Fikirini ndi anga."

"Galu si wanu. Tinakubwerekani moyo wake kuti muusunge. Zalembedwa apa."

"Zalembedwa!" A Potiphar anaseka mowawa. "Tamvera, mwana iwe. Chaka chatha akuba anandibera mbuzi zisanu ndi imodzi usiku umodzi, a Fikirini anawamanga pamlambe womwewu. Unabwera ndi fomu? Kuno anthu akugona ndi njala, inu mwakhala ku Chileka kuthira agalu mafuta onunkhira, kuwajambula ngati akwati. Galu ndi mlonda, si mwana. Ndipo taona uko." Analoza atonde awiri onenepa omangidwa paokha. "Ukuziona? Za chinkhoswe chako zimenezo. Galu wakoyo akulondera nyama imene udzadye iwe ndi apongozi ako. Ukadzamanyambita zala udzafunse za mthunzi."

Mawu amenewo anamulasa, ndipo a Potiphar anaona kuti amulasa. Fyness anayang'ana atonde aja. Anakumbukira mmene amayi ake ankanyadira, kuuza aliyense kuti achimwene alonjeza mbuzi ziwiri.

"Mukanandiuza kuti mukufuna mlonda," anatero, "ndikanakuuzani kuti ameneyu ayi. Tili ndi agalu amene amauwa ngakhale tsamba likagwa, oti akanakhala pansi pa khola la mbuzili, pamthunzi, n'kumadzutsa mudzi wonse. Ndikanakubweretserani mmodzi ndekha. Koma munasankha wamkulu thupi, munandimwetsa thobwa, n'kukasintha malaya kasanu ndi katatu."

Anapinda fomu, anapita pakabokosi paja, n'kugubuduza mwala. Chitseko chinali chidutswa cha lata chomangidwa ndi waya. Anamasula, nagwada.

"Chiphaso. Ndine, mama. Tuluka."

M'katimo munali mdima ndi kutentha ngati mu uvuni wa njerwa. Anaona maso awiri ndi nthiti. Analowetsa dzanja monga ankachitira kale, chikhatho chili m'mwamba.

Mano anamulowa pamkono, pamwamba pa wotchi. Sanamve kuwawa nthawi yomweyo, anangomva kulemera, kenako galuyo anamusiya n'kutuluka chokwawa, akudzigunda kuchitseko. Anafika panja n'kugwa. Miyendo yakumbuyo inali itauma, maso osatha kupenya padzuwa, ubweya utathothoka m'malo m'malo. Anazungulira pamalo amodzi, mano ali panja, akulumira mphepo.

"Ehe!" A Fikirini anawomba m'manja, nkhope ikuwala. "Mwaona, bwana? Wapsa tsopano! Ndinakuuzani kuti mundipatse nthawi!"

Koma a Potiphar anali ataona magazi akutsika m'zala za mwana wa mlongo wawo, ndi thovu kukamwa kwa galu. Anakwera pampando.

"Chiwewe! Fikirini, tenga khasu! Mmalize msanga asanalume mbuzi!"

A Fikirini anathedwa nzeru pang'ono poganizira ntchito yawo ya miyezi isanu ndi itatu, koma bwana ndi bwana. Anathamangira kukanyumba kwawo n'kubwera ndi khasu.

Fyness anakhala pansi, pafumbi, pakati pa khasu ndi galu.

"Yambani ndi ine."

"Choka apo, iwe! Ukufuna kufa?"

"Katemera wa chiwewe anabayidwa mu Januwale, mutu ndinamugwirira ndine, khadi lili m'chikwamamo. Thovu limenelo ndi ludzu, malume. Mukufuna kumupha chifukwa wachita chimene munamutsekera kuti aphunzire? Munalipira a Fikirini kuti galu aziluma. Waluma. Nanga mwakwera pampando bwanji? Tsikani mudzalandire katundu wanu."

Mbuzi ina inalira.

"A Fikirini, ikani khasulo pansi mundipatse madzi. Osati a mtima wofewa kapena wolimba. Madzi basi."

Bamboyo anayang'ana bwana wake pampando paja, kenako anatsamiritsa khasu kumlambe n'kubwera ndi beseni ndi kachidutswa ka sopo. Fyness anathira madzi ena pachivundikiro cha ndowa, n'kukankhira kwa galu ndi phazi, osamuyang'ana. Otsalawo anatsukira bala, kupaka sopo, kutsukanso, mano atalumana. Kumbuyo kwake anamva lilime likukhapa madzi, mwamantha poyamba, kenako mosalekeza. Anadikira. Galuyo atagona chammbali akupuma wefuwefu, anavula chitenje, n'kumufunditsa kumutu pang'onopang'ono, namukoleka chingwe, osati pakhosi pa chipsera koma pachifuwa. Pomunyamula anapepuka ngati mtolo wa mapesi.

A Potiphar anali atatsika pampando, akukonza jekete.

"Fyness. Ukachoka pano ndi galu ameneyo, wandinyoza pamaso pa wantchito, ufune nkhoswe ina. Ukawauze mayi ako kuti wasankha galu."

Fyness anaima, galu ali m'manja, magazi akudontheza pa siketi.

"Malume, ndiphunzitseni, poti ine ndine mwana. Ntchito ya nkhoswe n'chiyani?"

"Usandifunse za m'kalasi."

"Ine ndimayesa kuti nkhoswe ndi amene amandipereka kunyumba ya eni, ndiye n'kumabwera kudzaona ngati ndikukhala bwino. Akamva kuti ndagona kuseri, amazungulira kukaona. Si choncho? Tsiku lina mwamuna uja akadzanditsekera m'nyumba kuti andikonze, adzakutumizirani chithunzi, inu n'kuuza amayi kuti mwana ali bwino, taonani akumwetulira." Anakweza galuyo kuti amugwire bwino. "Ine ndinali nkhoswe ya galu uyu, ndipo ndinalephera. Ndikudziwa mmene nkhoswe yolephera imaonekera. Awiri pabanja limodzi tachuluka. Mbuzi zanuzo mudye nokha."

Sanagwade potsanzika. Mawondo anayesa, iye anawakaniza.

Pamsewu minibasi zitatu zinamukana. Kondakitala wina anati galu akwere padenga, wina anangoona magazi n'kumenya chitseko. Amene anavomera anali wa kabaza yamoto, bambo wa chipewa chosweka, amene anayang'ana mtolo wa chitenjewo nthawi yaitali.

"Ameneyu saluma, mayi?"

"Waluma kale ine. Wakhuta."

"Basi mukhale naye kumbuyoko, mutu uloze kwanu."

Anafika kwa agalu dzuwa litapendeka, fumbi lili m'mano. Godwin anamulandira galuyo, anamugoneka pamthunzi wa mtengo wa mango, n'kuyamba kumupapasa nthiti, m'maso, m'zikhadabo zimene zinakula mpaka kupindika.

"Akhala moyo," anatero pomaliza. "Koma woti n'kupatsanso munthu, sindikudziwa. Mwina chaka. Mwina ayi." Anaona mkono wa Fyness. "Iwe ukupita kuchipatala pompano. Khadi kapena popanda khadi, akakuone."

"Ndipita. Dikira."

Analowa mu ofesi, anamatula zithunzi zisanu ndi zitatu zija chimodzichimodzi, n'kumata pamalo pake fomu ya lero, ya mabokosi a "ayi" ndi kadontho ka magazi pakona. Pansi pake analemba ndi zilembo zazikulu: YA FEBULUWALE NDINALEMBA OSAYENDERA. FYNESS. Godwin anawerenga ali pakhomo.

"Alendo aziona zimenezi?"

"Aziona. Ndi aliyense wa ife amene ali ndi malume."

Nthawi yomweyo ndege ya madzulo inayamba kubangula kuseri kwa mpanda. Agalu onse m'makola anayamba kuuwa. Fyness anathamangira panja. Chiphaso anali atadzuka, akunjenjemera thupi lonse, mano ali panja, mutu ukutembenukira uku ndi uku kufunafuna kumene ndodo ichokere. Fyness anakhala pansi patali pang'ono, mawondo ali m'mwamba, manja kumbuyo. Sanamuitane. Phokoso linakula mpaka malata a ofesi ananjenjemera. Galuyo anakwawa, kukoka miyendo yakumbuyo, anaima, ananunkhiza siketi ya madontho a magazi ija, n'kulowetsa mutu pakati pa mawondo ake.

Ndege itapita, foni inalira m'chikwama. Godwin anaitulutsa, anaona dzina, n'kumuikira kukhutu.

"Fyness!" Anali amayi ake, mawu ali m'mwamba. "Achimwene angondiimbira, akulephera n'kuyankhula komwe. Wawatani malume ako?"

Fyness anayang'ana chipsera chakale pakhosi pa galuyo, ndi zatsopano pamsana.

"Ndangowayendera, amayi."